Katoni ya Mapalo

Ana anga, mumandiseka kuti ndine wamantha. Ndikakwera minibasi ndimalimbirana mpando wa pakati, kutali ndi windo, ndipo foni ikalira ndi nambala yachilendo ndimapatsira wina kuti ayankhe. Sindikukana. Koma popeza ndapuma ntchito ndipo mawondo ayamba kundilamula, ndati ndikulembereni kumene manthawa anachokera, kuti poseka muzidziwa chimene mukuseka. Za ubwana wanga kumudzi ndinakuuzani mpaka munatopa nazo, choncho ndiyambira pamene ndinavala yunifolomu yoyera.

Matero, ntchito yanga yoyamba

Ananditumiza ku kiliniki ina ya ku Matero, komboni ya mumzinda waukulu, ndili mtsikana woonda, wodziwa za m'mabuku zokha. Chinyanja cha m'tauni chinkandipita pambali. Ndikayankhula Chichewa cha kwathu, amayi a pamzere ankagwira pakamwa, ena n'kumanong'onezana kuti kwabwera nesi wa ku Chipata. Mkulu wathu anali amayi Siame, munthu wamkulu thupi ndi mawu omwe, amene makiyi a kabati ya mankhwala ankawabisa pachifuwa. Zosowa zinali zambiri kuposa zopezeka. Thonje tinkaling'amba pang'onopang'ono ngati ndiwo za alendo, ndipo masiku ena mwana wotentha thupi tinkangomupukuta ndi nsalu yonyowa, mayi ake n'kuwauza kuti akagule okha mapiritsi.

Kumeneko ndi kumene ndinaonera koyamba mwana wotupa nsagwada. Makolo ake anali atamuzulitsa kale dzino, poganiza kuti vuto ndi limenelo, koma tsaya linkangokulirakulira. Amayi Siame anamuyang'ana kamodzi, n'kulamula kuti apite ku chipatala chachikulu. Atatuluka ndinafunsa ngati mwanayo adzachira.

“Iwe mwana, ija ni khansa,” anatero akutseka kabati. “Ni matenda ya bantu bolemela. Ndalama ya kuchilisa uja mmozi ingagule mankwala ya malungo ya Matero yonse. Ise kuno tichilisa vamene tingakwanise.”

Sanali munthu wouma mtima. Anali atatopa ndi kuona ana akufa ndi matenda otsekula m'mimba, omwe mankhwala ake ndi madzi, mchere ndi shuga. Mawu awo ndinawameza onse, ndipo kwa zaka zambiri ndinkawabwereza kwa anamwino atsopano ngati anga.

Wodi ya ana, zaka za makatoni

Ndili kale ndi inu nonse, tikukhala ku Mtendere, anandisamutsira ku chipatala chachikulu, ku wodi ya ana odwala khansa. Ndinalira ngati andichotsa ntchito. Anzanga ankati kumeneko namwino amangodikira maliro. Tsiku loyamba ndinaona timitu topanda tsitsi titandanda pamabedi, amayi atayala zitenje pansi, ndipo ndinafuna kubwerera pakhomo pomwepo.

Dokotala wa wodiyo anali a Kapembwa, mwamuna wamfupi wochokera kumpoto, wosachedwa kupsa mtima, woyenda ngati basi ikumusiya. Anandifunsa chimene ndinkadziwa za khansa ya ana, ine n'kuwalakatulira mawu a amayi Siame. Sanandikalipire. Ananditengera ku kabati n'kundiika kabotolo kakang'ono m'dzanja.

“Ba Sisita, aka kabotolo mutengo wake siusiyana maningi na nsapato zamene mwavala,” anatero. “Sinikamba kuti khansa yonse ni yochipa, awe. Iliko yamene itilemela, na ine niyiyopa. Koma iyi ya mu nsagwada, tikaigwila musanga, mwana apola. Akula, asebenza, asunga bamake. Manje muniuze, ni ndalama iti yamene isebenza kuchila apo?”

Kenaka anandiuza kumene ndalama zimatayikira zenizeni, ndipo ndinadzazionera ndekha. Mankhwalawa saperekedwa kamodzi. Mwana amalandira diripi, amapita kunyumba kukapuma, n'kubweranso, mobwerezabwereza mpaka atamaliza. Koma chotupa cha m'nsagwada n'chachinyengo. Diripi yoyamba ikangolowa, pamasiku ochepa chaphwa, nkhope yabwerera. Mayi amene amasiya malonda ake kuti akwere minibasi ziwiri akaona choncho amati basi, mwana wachira. Matenda amatsala mkati, ndipo akadzukanso samveranso mankhwala otchipa aja. Pamenepo mwana wapita, mankhwala apita pachabe, ndipo akuluakulu ogawa ndalama apeza ndodo yotimenyera. A Kapembwa ankabwerako kumisonkhano yawo nkhope ili gwa, chifukwa funso linali limodzimodzi: bwanji ndalama za wodi yanu tisagulire maneti a udzudzu?

Mankhwala nawo ankabwera mwa apo ndi apo. N'chifukwa chake a Kapembwa anaika lamulo lakuti mwana asayambe kulandira mpaka mankhwala ake onse, kuyambira diripi yoyamba mpaka yomaliza, atapezeka. Tinkapempha makatoni a sopo ndi a mabisiketi ku tuntemba, timagolosale ta kunja kwa mpanda, kuikamo mankhwala a mwana mmodzi, n'kulemba dzina lake patsogolo. Ofunika kuzizira tinkawamanga m'pulasitiki ya dzina lomwelo n'kuika m'firiji. Nditakwezedwa kukhala sisita wamkulu, makiyi anabwera kwa ine. Kutsegula kabati ija m'mawa kunali ngati kuitana mayina m'kalasi. Mwana wokhala ndi katoni anali ndi tsogolo. Wopanda katoni tinkangomupatsa zoletsa ululu, akudikira. Ndipo chimene ndinkaopa kuposa imfa yeniyeniyo chinali tsiku limene katoni ili ndi mwini wothawa, pabedi pali mwana wodikira.

Chilimwe chimene Mapalo anabwera

Mapalo anali kamtsikana kongoyamba kumene sukulu, ka ku Kanyama. Makolo ake anachokera ku migodi. Bambo ankayendetsa lole ndipo sankapezeka, mayi ankagulitsa zitumbuwa pamsewu. Anafika naye atamuphimba chitenge kumutu. Tsaya la kumanzere linali litatupa mpaka kukankha diso, mano akugwedera. Mwayi wake, mankhwala anali atangofika, ndipo ndinalemba ndekha dzina lake pa katoni ya sopo.

Sabata isanathe chotupa chinaphwa. Mapalo anandilanda kagalasi kanga ka m'chikwama, n'kudziyang'ana mbali zonse.

“Ba Sisita, manje ndine wabwino kuchila imwe,” anatero.

“Iwe, na mano yogwedela ayo?”

“Yazalimba. Yanu yasila kudala.”

Wodi yonse inaseka. Tsiku lotuluka ndinagwira amake Mapalo manja onse awiri, n'kuwauza kuti chimene akuona ndi kunja kokha, ndipo tsiku la diripi yachiwiri asaliphonye ngakhale kugwe chiyani. Anagwada pansi. “Nizabwela, ba Sisita. Nikapanda kubwela ninshi nafa.”

Tsikulo linafika, iwo osaoneka. Foni yawo sinkalowa. Kumene ankakhala anangotiuza kuti ndi pafupi ndi mpopi, kuseri kwa bala, ndipo ku Kanyama nyumba iliyonse ili pafupi ndi mpopi, kuseri kwa bala.

Sabata yomweyo anabwera Musonda, kamnyamata ka ku Chaisa, ndi matenda omwewo. Chake chotupa chinali chikulowera kukhosi, ndipo ankapuma ngati munthu akucheka thabwa. Bambo ake, okankha wilibala pamsika, anasiya ntchito n'kukhala pambali pa bedi osasuntha. Katoni yake panalibe. Tikafunsa za mankhwala atsopano, yankho linali lakuti sabata yamawa, ndipo sabata yamawa imeneyo tinkaidziwa bwino. Lachisanu ndinapeza a Kapembwa ataima pa kabati, akuyang'ana katoni ya Mapalo. Anati akaphatikiza ndi timabotolo tina totsala, mankhwalawo akwanira Musonda kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

“Mankwala yali mu kabati siyachilisa muntu,” anatero. “Nakupasani mpaka pa Mande. Mumusakile Mapalo.”

Kanyama, Lamulungu

Masiku amenewo m'makomboni munkayenda mphekesera zakuti anthu a chipatala amatenga magazi a ana n'kupita nawo kwa a Satana. Mnzanga wina anathamangitsidwapo ndi miyala atapita kukaona wodwala. Choncho yunifolomu ndinaisiya, ndinavala chitenge ndi duku ngati ndikupita kumaliro, ndipo bambo anu ndinangowauza kuti ndikukaona mnzanga. Dzuwa la Okutobala linali likuwotcha, fumbi likulowa m'mano. Ndinayenda mpopi ndi mpopi kufunsa mayi wa zitumbuwa wokhala ndi mwana wotupa tsaya. Ena ankaloza uku, ena uko, ena ankayamba andifunsa kuti ndine yani ndipo ndikumufuniranji. Funso limenelo likabwera ndinkathokoza n'kuchokapo msanga.

Nditatsala pang'ono kubwerera, ndinakhota pakona ina n'kukumana ndi Mapalo maso ndi maso. Sanali iye mwini. Chinali chikwangwani chachikulu cha pulasitiki, chokungidwa ndi zingwe pakhoma la tchalitchi china cha malata. Kumanzere kunali nkhope yotupa ija, diso litatuluka. Kumanja kunali Mapalo atavala diresi loyera, akumwetulira. Pansi analembapo kuti Mulungu wamuchiritsa, anthu abwere adzaone okha pa msonkhano waukulu wa kumapeto kwa mwezi. Odutsa ankaima n'kumati aleluya, ine ndikuona mwana amene matenda akumudya mkati anthu akuwomba m'manja.

Ndinadikira panja mpaka zoimbira zinaleka. Anthu atayamba kutuluka, kamwana kovala chisoti cha ulusi kanathamanga n'kundikumbatira miyendo.

“Ba Sisita! Mami, ba Sisita ba ku chipatala babwela!”

Mitu yonse inatembenuka. Anyamata ena amene anali atatsamira khoma anayamba kusendera. “Ni ba ku chipatala aba? Bafuna chani pa mwana?” Wina anati, “Bamvela kuti apola, manje babwela kutenga magazi.” Ana anga, ndinayang'ana pansi kuti ndione ngati pali miyala, ndipo inalipo yambiri. Amake Mapalo ndiwo anandipulumutsa. Anandigwira dzanja, n'kunena mokweza kuti ndine m'bale wawo wa ku Mtendere, ndipo anandikokera kuseri kwa tchalitchi.

Kumeneko ndinagwada ngati ndikusewera ndi mwanayo, n'kupisa chala m'kamwa mwake. Pansi pa nkhama panali kanthu kolimba ngati nyemba yosapsa. Ndinatenga chala cha mayi ake n'kuchiika pomwepo.

“Mwakamvela aka? Kayamba kubwela.”

Anachotsa chala mofulumira ngati apsa. Kenaka anandifotokozera zonse, akunong'ona. Lamulungu loyamba atatuluka m'chipatala anaimirira kutsogolo kwa mpingo, anapatsidwa maikolofoni, n'kupereka umboni kuti mwana wachira. Sananame dala, ndi zimene maso awo ankaona. Amayi a mumpingo anamugulira Mapalo diresi loyera lija, wina analipira chikwangwani, ndipo kanema wa umboniwo anali atayenda m'mafoni mpaka kwa abale a ku migodi.

“Ba Sisita, imwe mupempela, muziba. Testimone sibabweza. Nikaoneka na mwana ku chipatala, bazakamba kuti ninanama pa guwa. Elo onani.” Anakweza chisoti pang'ono. Tsitsi linali litayamba kuthothoka. “Mukamupasa diripi inangu azankala na mpala, azayamba kusanza. Nizaimilila bwanji na eve pa musonkano? Lekani chabe upite. Ukasila, mailo yake nili pa wodi.”

Abusa anatipeza pomwepo, mnyamata waulemu wovala suti yonyezimira. Nditawafotokozera anati iwo saletsa munthu kupita kuchipatala, ndipo ndikhulupirira kuti ankanena zoona. Koma anawonjezera kuti anthu ambiri akudikira kudzaona mwanayu, n'kusisita mutu wa Mapalo, n'kupita. Sanaletse, komanso sanamasule.

Ndinayesa zonse. Ndinati Mulungu amene anamva mapemphero awo ndi yemweyo anapereka nzeru za mankhwala. Ndinati umboni wa mwana womaliza mankhwala udzakhala waukulu kuposa uwu. Pomaliza ndinawauza chimene sitinkauza makolo.

“Bamake Mapalo, pali mwana winangu wamene ayembekeza katoni ya Mapalo. Apema movutika. Mukapanda kubwela mailo pa Mande, bazamupasa.”

“Nizayesa,” anatero. Sankayang'ana ine, ankayang'ana zingwe za chikwangwani zimene zinkaonekera pakona ya khoma.

Lolemba

Ntchito ya tsiku limenelo ndinaigwira ndi diso limodzi, lina lili pawindo loyang'ana kuchipata. Mayi aliyense wobereka mwana ankandidumphitsa mtima. Dzuwa litapendeka, a Kapembwa anandiitanira m'kachipinda ka mankhwala n'kutseka chitseko. Ngakhale chinali chotseka, kupuma kwa Musonda kunkamveka.

“Ine sininamuone mai uja. Imwe munamuona. Mukakamba kuti azabwela iyi wiki, katoni nizaisunga. Azabwela?”

Ndikanatha kunena kuti inde. Mapalo ndinkamukonda, ndipo Musonda ndinali ndisanamumvepo n'komwe akuyankhula. Ndikanati inde, katoni ikanakhala, ndipo mwina mayi uja akanasintha mtima Lachitatu. Koma ndinali nditaona kumene maso ake ankayang'ana. Ndinaopa kuyankha, ndinaopanso kukhala chete, chifukwa kulikonse kunali mwana wa munthu.

“Sazabwela,” ndinatero.

A Kapembwa anangogwedeza mutu. Ndinatsitsa katoni ija. Dzina la Mapalo ndinalephera kulifufuta, choncho ndinaitembenuza n'kulemba la Musonda mbali inayo. Madzulo omwewo diripi inayamba kudontha, ndipo sabata isanathe bambo a wilibala aja anamva mwana wawo akupempha tiyi.

Amake Mapalo anasunga lonjezo lawo. Msonkhano utatha, mvula yoyamba itagwa, anatulukira pakhomo la wodi atabereka mwana wophimbidwa chitenge. Chotupa chinali chitabwerera mbali zonse ziwiri. “Ba Sisita, nabwela monga ninakamba. Tengani katoni yake.” Ndinawauza kuti katoni palibe, tikudikira mankhwala atsopano. Ndinadikira funso lotsatira, koma silinabwere.

Mankhwala atafika tinayambiranso. Chotupa chinaphwa pang'ono, n'kudzukanso ndi ukali. A Kapembwa anati alipo mankhwala ena amphamvu, okwera mtengo kwambiri moti akanadya makatoni a ana ambiri, ndipo ngakhale amenewo mwayi woti amuchiritse unali wochepa zedi. Sanawaitanitse. Tinamuletsa ululu, tinamusambitsa, ndipo kagalasi kanga ndinakabisa. Mapalo anamwalira Khirisimasi isanafike. Mayi ake anapinda zitenje zawo n'kutuluka osandiyang'ana. Musonda anamaliza mankhwala onse, ndipo bambo ake ankabwera naye chaka ndi chaka kudzationetsa mmene akukulira.

Sindinganene kuti ndinalakwa. A Kapembwa ankati mankhwala aja anapita kumene akanagwira ntchito, ndipo mpaka lero ndikuvomereza. Koma kuyambira pamenepo ndinkakhala ndikudikira mayi uja kuti adzandifunse kuti mankhwala a mwana wake ndinapatsa yani. Ndinkaganiza kuti adzandipeza pagulu, adzandiloza chala, adzanditemberera ine ndi inu. Ku Kanyama sindinapondekonso. Paminibasi ndinasiya kukhala pawindo, kuopa kuti angandione ali pamsewu. Nambala yachilendo ikalira, ndinkamva mawu ake ndisanayankhe.

Nditapuma ntchito

Chaka chatha ndinapita kumsika waukulu wa m'tauni kukagula tomato wa ukwati wa mlongo wanu. Ndikusankha, wogulitsayo anandigwira pamkono. Dzanja lake linali lolimba.

“Ba Sisita.”

Anali atakalamba, tsitsi la m'mbali litayera, koma maso anali omwe aja. Ndinafuna kuthawa. Anatembenuza kireti yopanda kanthu n'kundiuza kuti ndikhale. Anandifunsa za kunyumba, ine ndinayankha ngati mwana wa sukulu. Anandiuza kuti chikwangwani chija anakachimasula okha maliro atatha. Anachidula pakati, mbali yotupa anaiwotcha, ya diresi loyera ili pakhoma kuchipinda kwawo, chifukwa chithunzi china cha Mapalo alibe. Kenaka anatenga tomato mmodzi n'kuyamba kumupukuta ndi chitenge, ndipo ndinadziwa kuti nthawi ija yakwana.

“Ku chalichi kuja munaniuza kuti pali mwana winangu. Mankwala ya Mapalo munapasa uja?”

“Ee. Kamunyamata ka ku Chaisa.”

“Munamupasa liti?”

“Pa Mande pamene paja, mumazulo.”

“Anapola?”

“Anapola. Ali ku sekondale manje. Ni mutali kuchila ine.”

Anasiya kupukuta. Ndinatseka maso kudikira temberero limene ndinalinyamula zaka zonsezi. M'malo mwake ndinamva akupuma mwamphamvu, ngati munthu amene watula mtolo wa makala.

“Ine nenze kuyopa, ba Sisita,” anatero. “Zaka zonse izi. Nenze kuganiza kuti munachedwa kumupasa chifukwa cha kuniyembekeza ine, na eve anafa. Nenze kuganiza kuti ninapaya babili. Nambala yanu nili nayo, kangati naitumila, ikayamba kulila nadula.”

Tinakhala pamenepo amayi awiri okalamba, tikulira pakati pa tomato, ogula akutilambalala. Atapukuta maso anadzaza chikwama changa mpaka pakamwa, n'kundithandiza kuchisenza.

“Ndiye mankwala siyanatayike,” anatero. “Mukamuona uyo munyamata, mumuuze kuti bamake Mapalo bamupasa moni.”